Mpira wosainidwa ndi Jackie Robinson

Nabanda: Pali munthu amene akugulitsa mpira wa baseball umene akuti anasainapo Jackie Robinson. Kodi ndingatsimikize bwanji kuti siginechayo ndi yake?

Achisale: Mayi Nabanda, muyambe mwafufuza chaka chimene mpirawo unapangidwa. Robinson anasewerera timu ya baseball ya ku America ya Brooklyn Dodgers kuyambira 1947 mpaka 1956 ndipo anamwalira mu 1972, choncho mpira uliwonse wopangidwa pambuyo pa imfa yake ndi wachinyengo basi.

Gama: Zimenezo n'zoona, koma si zokwanira, chifukwa kale ogwira ntchito m'matimu ankasainira osewera otchuka mipira yambiri, ndipo ena ankatengera dzanja lawo mochititsa kaso. Musalipire musanaone chikalata chochokera ku PSA kapena JSA, makampani ofufuza masiginecha.

Achisale: Mukaugula, muusunge pamalo osafika dzuwa, popeza inki imasuluka msanga.