Kalongonda kapena khobwe m'mabedi a tomato dzinja lino?

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Mabedi anga a kuseri kwa nyumba ndi asanu, lililonse mita imodzi m'lifupi, mamita 4 m'litali. Tomato amene ndazula ali ndi timfundo totupa m'mizu, chizindikiro cha nematodi, tinyongolotsi ting'onoting'ono ta m'dothi toononga mizu. Ndikufuna mabediwa apume dzinja lino ataphimbidwa ndi mbewu ya mtundu wa nyemba, ndidzawokere repu ndi tomato mu Epulo.

Khobwe amapsa msanga, masamba ake ndi ndiwo, koma mitundu ina ya khobwe imasunga nematodi yemweyo. Kalongonda ndiye amamuchepetsa, amaphanso udzu, vuto lake amayanga kwambiri, angathe kukwera mpanda ndi mitengo ya mapapaya. Pa mabedi ang'onoang'ono chonchi, wabwino ndi uti? Ngati ndi kalongonda, kodi masentimita 50 pakati pa mizere ndi 30 pakati pa mapando, njere imodzi pa phando, n'zokwanira?

Chachiwiri ndi kudula. Ndikudziwa kuti amadulidwa maluwa akangoyamba, asanaike makoko, chifukwa masamba akadali anthete amawola msanga. Chomwe chikundivuta ndi ichi: ndikwirire ndi khasu kapena ndingoyala pamwamba? Kuyala kumasunga chinyontho, koma kuno chiswe n'chambiri, ndipo mbozi zodula mbande zimabisala pansi pa zinyalala masana. Kukwirira nako, ukawokera zisanawole mbande zimachita chikasu.

Amene munayesapo pa dothi la mchenga, mumadikira masabata angati musanawokere, awiri kapena anayi? Nanga manyowa a khola mumaonjezerabe?