Ndikupempha nzeru pa inshuwalansi ndi kaundula wa timagalimoto tachitsulo tomwe ndimasunga kunyumba

Moni kwa inu nonse a m'gulu lino, makamaka amene mumagwira ntchito za inshuwalansi kapena munalembetsapo katundu wa m'nyumba mwanu. Ine ndimakhala ku Area 47 kuno ku Lilongwe, m'nyumba ya lendi, ndipo ndimasunga timagalimoto tachitsulo toposa 300. Alendo akationa m'kabati amati ndi zidole za ana, ndipo sindiwatsutsa popeza tinapangidwiradi ana, koma tina mwa ito tinasiya kupangidwa kalekale, moti titapsa kapena kubedwa palibe sitolo m'dziko muno kumene ndingakapeze tolowa m'malo mwake.

Toyambirira tinali ta malemu bambo anga aang'ono, amene anabwera nato kuchokera ku Joni nthawi imene anthu ankapita kumigodi kudzera ku Wenela. Tambiri mwa timeneti kunsi kwake kunadindidwa mayina akuti Lesney ndi England, kusonyeza kuti ndi Matchbox za nthawi imene kampani ya Lesney inkazipanga ku London, kuyambira mu 1953 mpaka pamene inagwa mu 1982. Palinso ka Land Rover ka Dinky, kopangidwa ndi Meccano ku Liverpool fakitale yake isanatsekedwe mu 1979, komanso ma Corgi angapo a ku Swansea amene akadali m'makatoni awo. Totsalato ndinasonkhanitsa ndekha: Hot Wheels ndi Majorette zomwe zimapezeka mu kaunjika wa zidole ku msika wa Tsoka, ndi tikulutikulu tochepa ta sikelo ya 1:18 (kutanthauza kuti galimoto yeniyeni imatiposa ka 18 kutalika) tomwe ndinachita kuitanitsa kunja ndi ndalama zambiri.

Funso langa lalikulu ndi lakuti, kodi inshuwalansi wamba ya katundu wa m'nyumba imakhudza zinthu zamtundu umenewu pa mtengo wake weniweni, kapena tsiku la ngozi kampani idzaziwerengera ngati zidole zakutha n'kundipatsa ndalama yogulira tapulasitiki ta m'golosale? Chikundivuta kwambiri ndi umboni. Ta bambo aang'ono tija tilibe malisiti, ndipo wogulitsa kaunjika sapereka lisiti. Tomwe tili ndi malisiti ndi toitanitsa kunja tokha, koma mitengo yake inalembedwa kwacha isanatsike mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, kotero chiwerengero cha pa lisiti sichingagulenso kagalimoto komweko lero.

Kaundula amene ndili naye pakali pano ndi kope la sukulu, momwe ndimalemba dzina la galimoto ndi mtundu wa penti basi. Ndikuona kuti wa inshuwalansi sangakhutire nalo, choncho ndikupempha amene mukudziwa kuti mundiuze zoyenera kulembedwa, ndiponso ngati muno mu Lilongwe muli munthu amene kampani zingavomereze kuti ayike mtengo pa katundu wotere. Zikomo kwambiri.

Yankho la mayi wina wogwira ntchito za inshuwalansi:

Bambo, choyamba dziwani kuti kukhala m'nyumba ya lendi sikukuletsani kulembetsa katundu wanu, chifukwa inshuwalansi ya nyumba ndi ya eni nyumba, pamene ya katundu wa m'kati ndi yanu. Koma mantha anuwo ali ndi maziko. Mapangano ambiri a katundu wa m'nyumba amaika malire pa ndalama zomwe angalipire pa chinthu chimodzi kapena pa zinthu zosonkhanitsa, pokhapokha mutazitchula padera pa nthawi yolembetsa. Mukangolemba chiwerengero chimodzi cha katundu yense, timagalimoto tanuto tidzamira pakati pa mipando, firiji ndi mapoto. Pemphani kuti tilembedwe patokha, mndandanda wanu uphatikizidwe ku pangano, ndipo ngati kampani yavomera mtengo wina wake, ivomereze polemba, osati pakamwa pa wokugulitsani.

Chenjeraninso ndi kulembetsa mtengo wotsika pofuna kuti malipiro a pachaka achepe. Mwachitsanzo, ngati katundu wanu ndi wa K10 miliyoni koma inu mwalembetsa K5 miliyoni, ndiye moto waononga wa K4 miliyoni, kampani ikhoza kukupatsani K2 miliyoni yokha, chifukwa imawerengera kuti theka la chiopsezo munalisenza nokha. Apa ndi pamene kutsika kwa kwacha kumapweteka anthu ambiri osadziwa, popeza chiwerengero chomwe chinali cholondola pa tsiku lolembetsa chimakhala chitachepa chaka chisanathe. Muzichiwunikanso nthawi iliyonse mukamakonzanso pangano.

Pa nkhani ya umbava, werengani bwino ngati pangano likufuna kuti pakhale chizindikiro chakuti akuba anathyola, monga chitseko chophwanyidwa kapena zitsulo za pawindo zodulidwa, chifukwa kagalimoto kakangosowa m'kabati mlendo kapena wantchito atadutsa, nthawi zambiri sipakhala chipukuta misozi. Lipoti la polisi lidzafunikanso. Dzimbiri, chiswe ndi kutha kwa chinthu pachokha kawirikawiri sizilowamo, koma za madzi osefukira funsani mwachindunji, poti inu a ku Area 47 mukudziwa zomwe mtsinje wa Lingadzi umachita mvula ikakula. Musanalipire, tsimikizani kuti kampaniyo kapena mkhalapakati wanu ali ndi chilolezo chochokera kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi.

Yankho la bambo wina wa ku Area 25:

Achimwene, inenso ndimasunga timagalimoto totere, ngakhale tanga n'tochepa poyerekeza ndi tanu. Kope lanulo musalitaye, koma samutsani zonse mu Excel kapena Google Sheets, kagalimoto kalikonse kakhale ndi mzere wake ndi nambala yake. Pa mzerewo lembani kampani yopanga, nambala ya modelo, sikelo, mtundu wa penti, mawu onse odindidwa kunsi monga momwe alili, dziko lomwe kanapangidwira, kumene munakapeza, ndi mkhalidwe wake mosabisa: ngati penti inakalika padenga, galasi linang'aluka kapena tayala linasowa, nenani choncho. Nambalayo musaimate pa penti, chifukwa guluu amasiya chipsera. Ikani pa shelefu kapena pa kapepala komangirira ndi ulusi.

Matayala ndiwo muwayang'anitsitse, pakuti mtengo umabisala pamenepo. Matchbox inayamba kuika matayala othamanga a Superfast mu 1969, kotero modelo imodzimodziyo ikhoza kupezeka ndi matayala akale kapena atsopano, ndipo ogula amaisiyanitsa. Pa Hot Wheels, zoyambirira za kuyambira 1968 mpaka cha m'ma 1977 zinali ndi mzere wofiira m'mbali mwa tayala, koma Mattel, kampani yopanga Hot Wheels, yakhala ikutulutsanso zina zofanana nazo, choncho mzere wofiira pawokha si umboni. Chaka chodindidwa kunsi kwa Hot Wheels nachonso chimasokoneza ambiri, chifukwa chimanena za nthawi imene kapangidweko kanalembetsedwa, osati chaka chomwe kagalimoto kali m'manja mwanuko kanatuluka m'fakitale.

Jambulani kalikonse kuchokera pamwamba, m'mbali ndi kunsi, pa pepala loyera, masana pamthunzi, kuti zolembedwa kunsi ziziwerengeka. Makatoni a Corgi aja ajambuleni paokha mbali zonse, pakuti kwa osonkhanitsa katoni yoyambirira imakweza mtengo kwambiri. Kenako jambulani kabati yonse muli m'chipindamo, kuti zioneke kuti katunduyo analidi m'nyumba mwanu. Zonsezi zisakhale mu kompyuta ya kunyumba yokha, poti moto kapena wakuba adzatenga timagalimoto ndi kompyutayo limodzi. Tumizani ku imelo yanu, ndipo kope losindikiza mukasungitse kwa m'bale.

Za mtengo, njira yomwe ine ndimagwiritsa ntchito ndi kuona pa eBay, tsamba la pa intaneti logulitsirapo katundu, mitengo ya zomwe zinagulidwa kale, osati yomwe ogulitsa akupempha, popeza munthu angathe kupempha ndalama iliyonse. Ndimasunga chithunzi cha tsambalo ndi tsiku lake, ndimalemba mtengo mu madola kapena mapaundi, ndipo kwacha ndimaiika mu danga lina lomwe ndimasintha. Musaiwale kuphatikiza ndalama zotumizira ndi msonkho wa pachipata, chifukwa kubwezeretsa kagalimoto ku Lilongwe n'kodula kuposa kukagula ku London.

Chomaliza, musayese kupentanso takale tija, ngakhale titaoneka tokalamba. Tisungeni kutali ndi dzuwa la pawindo, lomwe limafwifwitsa penti ndi kuumitsa matayala a labala, ndipo nyengo ya dzinja muziika timapaketi toyamwa chinyezi m'kabati. Chitsulo chake ndi chosakaniza chomwe mbali yaikulu ndi zinc, ndipo m'zina zakale kwambiri, makamaka Dinky za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanayambe, munalowa mtovu umene umachititsa kuti chitsulocho chifufume n'kuyamba kung'aluka. Chinyezi chimafulumizitsa vutoli, ndipo likayamba silibwerera.

Yankho la membala wina:

Ine ndikuona kuti mungadzalipire ndalama zambiri chaka ndi chaka chifukwa cha Hot Wheels za mu kaunjika zomwe mawa mungakazipezenso ku Tsoka. Sankhani tosowa tokha tija ndi tikulutikulu toitanitsa kunja, mulembetse timeneto padera, ndipo ndalama yotsalayo mugulire loko wabwino wa kabati ndi zitsulo zolimba za pawindo.

Yankho la mwini funso:

Ndathokoza nonse, makamaka mayi pa chitsanzo cha K10 miliyoni chija, chomwe chandionetsa kuti kuchepetsa mtengo n'kudzipweteka ndekha. Maganizo osankha tochepa ndawamva, ngakhale sindikudziwa ngati kampani ingalole kuti mbali ina ya kabati imodzi ikhale pa mndandanda wapadera pamene ina ili pa katundu wamba. Ndikufunsanso mayi: ngati palibe katswiri woika mtengo amene kampani ikumudziwa, kodi mndandanda wokhala ndi zithunzi ndi mitengo ya pa eBay, monga momwe achimwene a ku Area 25 afotokozera, ungalandiridwe ngati maziko a mtengo wogwirizana? Ndipo lendi ikatha n'kusamukira nyumba ina, kodi katunduyo amakhala wotetezedwa ali pa lole, kapena pamafunika kudziwitsa kampani tsiku losamuka lisanafike?