"Mapanga awiri avumbwitsa": agogowa ankanena ndani?

Wolemba wa ku Rosettenville:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ine ndi mnzanga wojambula zithunzi tikusonkhanitsa mbiri za agogo akwathu amene anabwera kuno ku Joni pa Wenela n'kuchona. Iye amagwira kamera, ine kope ndi cholembera. Loweruka tinali kwa agogo ena ku Turffontein. Ine ndikufunsa za ku komponi, mnzangayo uku akuti, "Agogo, tayang'anani kuno." Agogowo anangoseka, amvekere, "Ana inu, mapanga awiri avumbwitsa." Kenako anaitanitsa tiyi, nkhani ya kumigodi n'kuthera pomwepo. Mnzanga akuti ankatanthauza kuti anthu awiri pa ntchito imodzi amaiwononga, moti wakhumudwa. N'zoona?

Mphunzitsi wopuma, Yeoville:
Ayi mwanawe, muuze mnzakoyo mtima ukhale m'malo. Kuvumbwa ndi kunyowa ndi mvula. Munthu yamupeza mvula kutchire, waona phanga apa, lina apo. Walowa ili, akuti lija ndiye labwino, watuluka. Wafika uko, akuti bola loyamba lija. Pomwe azikhazikika, wanyoweratu. Wovumbwayo ndi mmodzi, wa mitima iwiri. Kwathu ankauza mnyamata wofunsira mbeta ziwiri nthawi imodzi.

Wojambula wa ku Newtown:
Aphunzitsi alongosola bwino, ndiye wovumbwayo anali agogowo, mapanga awiriwo ndinu. Munthu sangafukule za zaka 50 zapitazo uku wina akumukonza khosi kuti kuwala kugwe bwino pankhope. Ife ku Market Photo Workshop, sukulu ya zojambula zithunzi imene katswiri wa kamera David Goldblatt anayambitsa mu 1989, tinkakangana kawirikawiri za zimenezi. Ntchito ya awiri sikutanthauza kulowa pakhomo limodzi tsiku limodzi. Taonani za magazini ya Drum mu 1954: mtolankhani Henry Nxumalo anachita kudzimangitsa dala kuti akagone m'ndende ya Number Four n'kulemba zimene anaona, pomwe Bob Gosani anajambula akaidi ali maliseche, akuvinitsidwa tauza (kudumphitsidwa pofuna kuona ngati abisa kanthu m'thupi), iye ali pamwamba pa nyumba ina yoyandikana ndi ndendeyo. Aliyense anali pake, koma nkhani ndi zithunzi zinatuluka pamodzi. Inu achimwene pitani nokha kaye, kamera idzabwere agogo atazolowera.

Mayi a ku Dedza, Mayfair:
Pepani, ine sindikuvomereza. Mwaiwala funso limene mwanayu anafunsa? Za ku komponi. Agogowo ankadzinena okha. Amalume anga anali otero: mkazi ndi ana ku Dedza, mkazi wina kuno, ndalama yogawa pawiri, ndipo konseko ankawatenga ngati mlendo. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha anthu athu oposa 70, Kamuzu analetsa kulemba anthu opita kumigodi. Ambiri anabwerera kumudzi, ena anatsalira akuti tidzapita chaka chamawa. Chaka chamawacho n'chino. Munthu wotero akaponya mwambi umenewu uku akuseka, si kamera imene akuganiza.

Wolemba wa ku Rosettenville:
Amayi, mwandizizimutsa thupi. Tisanayambe, agogowo anationetsa chithunzi cha nyumba yawo ya ku Ntcheu, yofika palinta, yopanda denga. Ndikawafunse kuti ankanena ziti?

Mphunzitsi wopuma, Yeoville:
Usayerekeze. Wamkulu ukamufunsa kuti amasulire mwambi wake, amakuponyera wina. Ukafunse za nyumbayo: njerwa anaumba ndani, chinaimitsa ntchito n'chiyani, pamalopo pakukhala ndani lero. Ndipo usapite chimanjamanja, shuga ndi buledi sizingakusaukitse.

Wojambula wa ku Newtown:
Mnzanuyo akamadzapita, adzapemphe kujambula chithunzi cha nyumbayo chili m'manja mwa agogo, ngati alola. Koma mugwirizane msanga: pansi pake mudzalemba mwambiwo, kapena dzina la mudzi ndi chaka basi? Ine ndikanalemba mudzi ndi chaka. Amayi a ku Dedza mwina atsutsanso.

Mayi a ku Dedza, Mayfair:
Ndatsutsa kale. Akafunse mwini nyumba.