Lamba wa injini akulira pa HiAce ya 2KD, ndisinthe bwanji?

Dalaivala wa pa Chinkhoma:

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Minibasi ndi HiAce ya dizilo, injini ya 2KD, imayenda pakati pa Kasungu ndi Lilongwe. Ndikailiza m'mawa lamba wakutsogolo kwa injini akumalira mokweza, kenaka n'kukhala chete. Ndikayatsa AC kapena magetsi onse, phokoso limayambiranso. Mbali imodzi wayamba kutuluka ulusi. Ndigule wotani, ndipo pomasula ndiyambire pati? Tensioner nayo ndisinthiretu?

Makaniko wa pa Boma:

Achimwene, tisasokoneze malamba awiri. Timing belt ali mkati mwa chivundikiro, amasinthidwa pa makilomita 150,000 ndipo ali ndi getsi lake la T-BELT pa dashibodi. Amene mukunenayu ndi wakunja, wamizere, mmodzi yekha woyendetsa pampu ya madzi, alternator (yopanga magetsi) ndi kompresa ya AC kuchokera pa pulley ya crank (gudumu la kunsi lozunguzidwa ndi injini; ma pulley ndi magudumu amene lamba amayendapo). Pa injini ya 5L yakale ija malamba ndi angapo ndipo mumamangitsa nokha. Pa 2KD ayi, tensioner ya sipuling'i imakoka yokha.

Kusitolo musakangoti "wa HiAce". Werengani nambala ili kumsana kwa wakaleyo. Imayamba ndi 7PK: 7 ndiye mizere, manambala otsatirawo ndi utali wake m'mamilimita. Hilux ndi HiAce zikhoza kukhala ndi injini yofanana koma utali wosiyana. Ngati nambala inafufutika, mutengeni wakaleyo mukayerekeze, kapena apatseni nambala ya chasisi.

Ntchito yake ili motere. Zimitsani injini, zulani kiyi, idikireni izizire, ndipo chotsani waya wa negative pa batire. Tukulani mpando wakumanzere kuti injini ionekere. Manja amalowa bwino kuchokera pansi mukachotsa chivundikiro cha kunsi. Musanakhudze chilichonse, jambulani ndi foni mmene lambayo wadutsira. Anthu amanyozera zimenezi, kenaka n'kutha ola lathunthu akuzunguza mutu.

Ikani sipanala ya 14, yamphete komanso yaitali, pa bawuti ya pakati pa pulley ya tensioner, ndipo kokerani kumene muvi wa wotchi umalowera. Mukakokera kwinako mumasula bawutiyo m'malo mofewetsa lamba. Akalefuka, mutsetserezeni pa pulley imodzi, kenaka bwezani tensioner pang'onopang'ono, osaisiya kuti imenye. Zala zisalowe pakati pa lamba ndi pulley.

Watsopano muyambire pa crank. Mbali yamizere igwire pa pulley yamizere, msana wosalala pa pulley yosalala. Akalowa, unikani ndi tochi pulley iliyonse, makamaka ya crank ndi ya AC kunsiko, muone ngati mizere yonse 7 yakhala m'malo mwake. Akalumpha mzere umodzi wokha, simufika naye ngakhale pa Mponela.

Wa galaja ku Santhe:

Zonse anena a Makaniko n'zoona, koma Bwana, ulusi wa mbali imodziwo ndiye nkhani. Lamba wongokalamba sadyeka mbali imodzi. Pali pulley yopendekeka kapena beringi yotha imene ikumukankhira pambali. Mukangoika watsopano osapeza chimenecho, ndalama mwataya.

Lamba akachoka, musathamangire kuika wina. Zunguzani pulley iliyonse ndi dzanja. Ya tensioner iyenera kuyenda mwakachetechete komanso molemerako pang'ono. Ikamati shwaa n'kumazungulira nthawi yaitali, girisi anatha. Ikamagwedera, yafa. Fumbi la chilimwe lino m'misewu yathu limapha maberingi amenewa msanga. Pampu ya madzi muigwedeze m'mwamba ndi pansi, muonenso ngati pansi pake pali zouma zofiirira kapena zoyera, chizindikiro choti ikudontha.

Ma alternator ambiri a pa injini zimenezi ali ndi pulley yogwira mbali imodzi yokha. Gwirani chamkati mwa alternator kuti chisazungulire, kenaka zunguzani pulley: mbali ina igwire, mbali ina itsetsereke. Ikagwira mbali zonse ziwiri ndiye kuti yauma, ndipo lamba amanjenjemera injini ikangolira galimoto itaima, tensioner n'kumadumphadumpha mpaka kutha. Ambiri amasintha tensioner, vuto lili pa alternator.

Pulley ya crank ili ndi mphira pakati pa zitsulo ziwiri. Mphirayo ikang'aluka kapena kutukumuka, mbali yakunja imasuntha. Oyilo wodontha pa seal ya crank nayenso amafufumitsa lamba. Tsekani kaye podonthapo, mutsuke mizere ya ma pulley ndi burashi, ndiye muike watsopano.

Za tensioner, ine maganizo anga ndi oti galimoto yonyamula anthu tsiku ndi tsiku, ngati tensioner ndi yomwe inabwera nayo kuchokera ku Japan, sinthani yonse. Musinthe pulley yokha ngati mkono wake ukuyenda mosalala, osakakamira, komanso sunapendekeke.

Dalaivala wa pa Chinkhoma:

Zikomo kwambiri akuluakulu. Nanga pali njira yodziwira vuto ndisanamasule? Anzanga pa depoti akuti ndipake sopo.

Wa magetsi a galimoto, Kamwendo:

Sopo ayi, Bambo. Brake fluid ndi oyilo ndiye musayerekeze n'komwe. Zimatontholetsa phokoso kwa kanthawi, koma mphira imafewa ndipo fumbi limamatirira m'mizere.

Yesani ndi madzi. Injini ikulira, wazani madzi pang'ono mbali yamizere, manja ndi malaya zili kutali. Phokoso likasiya n'kubwereranso pakapita masekondi ochepa, ganizirani pulley yosalunjika. Likakula, lamba akuterereka, kutanthauza kuti tensioner yafooka kapena lambayo watha. Malamba a masiku ano sachita ming'alu msanga ngati akale. Amangodyeka, mizere n'kuzama, ndiye pooneka ndi maso amakhala ngati wabwinobwino.

Kulira kwa m'mawako kuli ndi chifukwa chake. Ma heater plug ndi sitata zimakoka moto wambiri, ndiye injini ikangodzuka alternator imalemera pobwezeretsa motowo. Batire ikakhala yofooka, imalemera nthawi yaitali. Ikani mita pa batire: injini itazima muone ma volt cha m'ma 12.6, ikulira pakati pa 13.5 ndi 14.5.

Lamba akaduka muli pamsewu, getsi la batire limayaka nthawi yomweyo. Patukani, muzimitse, ngakhale okwera adandaule chotani. Pampu ya madzi imakhala yaima, ndipo mphindi zochepa ndi zokwana kupsereza gasket kapena kung'alula cylinder head. Chiwongolero chimakhalabe chofewa chifukwa pampu yake pa 2KD imayendera magiya, ndiye musanamizike kuti zonse zili bwino.

Mukamaliza kuika, lizani injini mphindi ziwiri, muyatse AC, muzimitse injiniyo, muunikenso mizere ija. Wakaleyo poti wayamba ulusi musamusunge ngati sipeya. Gulani awiri, winayo akhale pansi pa mpando pamodzi ndi sipanala ya 14 ija.