Thandizeni: kumanga sitima ya pulasitiki ndi mwana wa zaka 6

Abale anga a kuno ku Harare, ndikupempha nzeru. Alamu anga abwera kuchokera ku Johannesburg ndi bokosi la Revell la sitima ya Titanic, ija inamira mu 1912, ya sikelo ya 1:700. Mwana wanga wa zaka 6 sakugona tulo, akufuna tiyambe kumanga lero lomwe.

Chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi guluu. Guluu wa zidole zoterezi samangomata ayi, amasungunula pulasitikiyo pang'ono kuti tizidutswa tigwirane, ndipo fungo lake ndi lamphamvu. Kwathu ku Mabvuku chipinda n'chaching'ono. Kodi tizimangira pakhonde, kapena alipo guluu wina wofatsa amene mwana angagwire yekha? Super glue ndiye sindikumufuna, amamata zala.

Tizidutswa tina n'tating'ono ngati njere za mpunga, ndipo ali ndi mng'ono wake wokwawa amene amaika chilichonse m'kamwa. Zodula ndi mpeni ndichita ndekha, koma sindikufuna kuti iye azingoonerera, sitimayo ndi yake. Inu amene munamangapo ndi ana, munkawapatsa ntchito yanji?

Komanso penti wa acrylic, wosungunula ndi madzi uja, ndingamupeze kuti m'tauni muno?