Pulogalamu yakana kutseguka pa laputopu yatsopano

Wa ku Kamwala: Akuluakulu, ndithandizeni. Bambo wina wogulitsa zipangizo zomangira wagula laputopu ya Windows 11. Kompyuta yake yakale ndi ya Windows 7, fani yadzaza fumbi la simenti, ikulira ngati chigayo. Muli pulogalamu yowerengera katundu ndi ngongole za makasitomala. Ndakopera foda yake yonse ya mu Program Files pa fulashi n'kuika pa laputopu, koma ikungoti fayilo ya DLL (imodzi mwa mafayilo amene pulogalamu imadalira kuti iyende) ikusowa. CD yake inatayika kalekale.

Wa ku Matero: Mng'ono wanga, wasenza denga, nsanamira wazisiya. Pulogalamu ikamalowa m'kompyuta sikhala malo amodzi. Zina imalemba mu registry (kaundula wa Windows), zina m'mafoda a AppData ndi ProgramData, ndipo ma DLL ena amapita mufoda ya Windows. Uyenera kuilowetsa mwatsopano ndi setup yake, fayilo yolowetsera pulogalamu m'kompyuta.

Wa ku Chilenje: Musanakhudze chilichonse, achimwene, tengani image (kope lathunthu) ya hadi disiki yonse ya kompyuta yakaleyo muisunge pambali. Clonezilla, pulogalamu yotengera image, ndi yaulere. Disiki yokalamba chonchi magetsi akangothima muli pakati pa ntchito, ngongole za bamboyo zapita. Ine ndinalirapo ndi mayi wina wa saluni, sindifuna zikuonekereni.

Wa ku Kamwala: Zikomo alongo, ndayamba kale. Nanga image imeneyo ndikangoithira pa laputopu?

Wa ku Matero: Ayi, usayese. Yakaleyo mwina ili pa MBR ndi BIOS, pomwe yatsopano imayendera UEFI ndi GPT, kutanthauza kuti kakonzedwe ka disiki ndi kayatsidwe kawo n'kosiyana. Ngakhale italira, madiraiva (timapulogalamu toyendetsa zida za m'kompyuta) a Windows 7 a makina atsopano suwapeza. Komanso Microsoft inasiya kuisamalira pa 14 Januwale 2020, ndiye ungachotse Windows 11 yabwinobwino n'kubwezera munthu kumbuyo. Chamtengo wapatali pamenepo ndi deta. Tsegula pulogalamuyo pa yakale, ufufuze Backup kapena Export, kenako upite pa Help ndi About ujambule nambala ya laisensi ndi version yake.

Wa ku Chilenje: Setup ikasowa, njira ina ilipo. Pulogalamu ya Disk2vhd imasandutsa kompyuta yonse kukhala fayilo imodzi, ndipo mumaitsegula pa laputopupo mu VirtualBox, pulogalamu yoyendetsa kompyuta ina mkati mwa inzake. Mu Disk2vhd chotsani chizindikiro pa Vhdx kuti fayiloyo ituluke ya mtundu wa VHD. Windows 7 ikhoza kupemphanso activation (kutsimikizira laisensi) chifukwa imaona kuti makina asintha, ndipo muitsekere intaneti.

Wa ku Kamwala: Ndabwerera. Setup inali mu Downloads nthawi yonseyi! Laisensi ili pa risiti imene bamboyo anaisunga m'kabati pamodzi ndi makiyi a loko. Pulogalamu yalowa, koma yatseguka yopanda kanthu. Nkhope ya bamboyo yasintha.

Wa ku Matero: Auze akhazike mtima pansi. ProgramData ndi foda yobisika. Pa yakale lemba %programdata% pamwamba pa Explorer, upeze foda ya dzina la pulogalamuyo. Tseka kaye pulogalamuyo mbali zonse ziwiri usanakopere fodayo pa laputopu.

Wa ku Kamwala: Zatheka, akulu! Katundu yense waoneka, mpaka matumba a simenti amene anagulitsa dzulo.

Wa ku Chilenje: Yakaleyo musaifufute msanga. Ikhale mpaka atseke mabuku a mwezi uno, ndipo muyese pulinta ya marisiti musanachoke pasitolopo.