Commit izikula bwanji, nanga za zilembo 50 ndi 72 zinachokera kuti?

Gologolo

Akuluakulu, ndithandizeni pa Git, pulogalamu yosunga mbiri ya zosintha m'mafayilo a pulogalamu. Ena amati commit (zosintha zimene mwasunga pamodzi mu Git, zokhala ndi uthenga wake) izikhala yaing'ono, pomwe ena amangounjika ntchito ya tsiku lonse n'kulemba kuti "zosintha". Kuchepa kwakeku kumayezedwa bwanji? Nanga zoti mzere woyamba wa uthenga usapitirire zilembo 50, ina yonseyo 72, ndi lamulo la Git kapena mwambo chabe?

Mlonda

A Gologolo, musamawerenge mizere. Commit imodzi izichita chinthu chimodzi, ndipo ikalowa, pulogalamu izigwirabe ntchito. Kusintha dzina la function m'mafayilo 30 ndi commit imodzi. Koma mukakonza bug (cholakwika m'pulogalamu) ya mizere itatu n'kuwongolanso mipata m'fayilo yonse, amenewo ndi ma commit awiri, olo mwachita nthawi imodzi.

Ubwino wake umaoneka tsiku limene china chasokonekera koma palibe akudziwa kuti chinayamba liti. Mumalemba `git bisect start`, kenako `git bisect bad` pamene muli pano, kenako `git bisect good` n'kutchula commit yakale imene zinthu zinali bwino. Git imakuikani pakatikati, inu n'kuyesa, n'kuiuza ngati pali bwino kapena ayi, iyo n'kudulanso pakati. Pa ma commit 1,000 mumayesa maulendo 10 okha basi, popeza kuchulukitsa 2 kakhumi kumapereka 1,024. Ngati muli ndi script yoyesera, `git bisect run` ichita yokha zonsezi: script ikabweza 0 ndiye kuti pali bwino, 125 ndiye kuti idumphe, nambala ina iliyonse kuyambira 1 mpaka 127 ndiye kuti pali vuto. Mukamaliza musaiwale `git bisect reset`.

Tsono taganizani yakupezerani commit yolakwayo, inu kutsegula n'kupeza mizere 2,000 ya zinthu zisanu zosagwirizana. Ntchito yayambiranso. Choipa china ndi ma commit osayenda n'komwe, chifukwa mukadumpha ambiri Git imangokupatsani mndandanda n'kunena kuti wolakwa ali mwa amenewa.

Kadzidzi

Za 50 ndi 72 ndi mwambo, Git sikana uthenga wautali. Linus Torvalds analemba Git mu April 2005 pamene anthu a Linux anasiya kugwiritsa ntchito BitKeeper, pulogalamu ina yosungira zosintha, ndipo anthu amenewa amatumizirana zosintha pa imelo mpaka lero. `git format-patch` imatenga mzere woyamba n'kuusandutsa mutu wa imelo, n'chifukwa chake umafunika kufupika. Za 72 n'zoti `git log` imalowetsa uthenga mkati ndi mipata 4, ndiye pa sikirini ya zilembo 80 mukachotsa 4 kumanzere ndi 4 kumanja zimatsala 72. Nayo 80 ndi yakalekale: khadi lobooleza la IBM la mu 1928 linali ndi malo 80, ndipo makina a sikirini ngati VT100 a mu 1978 anatengera pomwepo.

Chimene chimavutadi ndi mzere wopanda kanthu pakati pa mutu ndi uthenga. Mukapanda kuusiya, Git imatenga ndime yonse yoyamba ngati mutu, `git log --oneline` n'kuoneka zachisokonezo. Muuthengamo lembani chifukwa chimene mwasinthira. Zimene mwasinthazo diff, imene imandandalika mizere yosinthidwa, ikuonetsa kale.

Nyerere

A Mlonda anena zoona, koma munthu asamadzipanikize pamene akulemba. Pa kompyuta yanu pangani ma commit osalongosoka mmene mungafunire, mudzawakonze musanatumize. Ngati mwasakaniza zinthu m'fayilo imodzi, `git add -p` imakufunsani kachigawo kalikonse: y kutenga, n kusiya, s kuduladula, e kukonza ndi manja. Msampha wake ndi wakuti zimene mwasankhazo simunaziyesepo pazokha. Choncho lembani `git stash push --keep-index` kuti zimene simunasankhe zikhale kaye pambali, yesani, pangani commit, kenako `git stash pop` kuti zibwerere. Kapena pomaliza `git rebase -i --exec "make test" main`, imene imayesa commit iliyonse n'kuima pamene yalephera.

Dziwani kuti rebase (kukonzanso ma commit akale) ndi `git commit --amend` (kukonza commit yomaliza) zimasintha hash, imene ndi nambala yozindikirira commit. Pa branch (nthambi ya ntchito) imene anzanu atenga kale musayerekeze. Pa yanuyanu potumiza gwiritsani ntchito `git push --force-with-lease`, imene imakana ngati wina watumizapo zimene inu simunazione.

Gologolo

Zikomo kwambiri nonse. Nanga rebase ikalakwika, ma commit n'kusowa, ndiye kuti apita?

Nyerere

Ayi achimwene, sanapite. `git reflog` imaonetsa paliponse pamene HEAD (chizindikiro cha commit imene muli) yadutsa. Pezani mzere wa rebase isanayambe, tengani hash yake, n'kulemba `git branch chipulumutso` motsatizana ndi hash imeneyo. Ngati simunasinthe makonzedwe a Git, imasunga ma commit otayika oterewa masiku 30. Koma zimene simunazipangirepo commit, reflog siizidziwa.